Ndigule magolovesi otani a ski ya matayala? Manja anga atha ndi matuza

Funso

"Zikomo aphunzitsi. Ndine mayi wa zaka 34, kwathu ndi ku Dedza koma ndakhala ku Trondheim kuno ku Norway kwa zaka zitatu tsopano. Anzanga a kuntchito anandikopa kuti tidzachite nawo mpikisano wa ski (masewera otsetsereka pa chipale chofewa ndi timatabwa tatitali kumapazi, ukukankha ndi ndodo ziwiri) wotchedwa Birkebeinerrennet mwezi wa Malichi, choncho kuyambira mu Juni ndakhala ndikuphunzira ski ya matayala, ija yoyenda nayo pa phula, eni ake kuno amati rulleski. Ndodo ndinagula kwa munthu wina amene anasiya masewerawa. Vuto langa ndi manja. Poyamba ndinkapita manja ali pamtunda ndipo ndinatuluka matuza pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Kenako ndinayamba kuvala magolovesi anga a panjinga, aja odula zala okhala ndi zofewa pachikhatho, koma matuza sanathe, ndipo tsopano ndikatha ola limodzi kachala kakumapeto ka dzanja lamanja kamachita dzanzi. Kusitolo ndapezako mitundu yambiri moti ndasokonezeka. Ndigule ati? Nanga kukayamba kuzizira ndidzavala chiyani?"

Yankho

Achemwali, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo choyamba mtima ukhale m'malo. Pa zaka zoposa 15 zimene ndakhala ndikuphunzitsa ski anthu akuluakulu kuno ku Norway, ambiri a iwo ochokera kumayiko kumene sikugwa chipale chofewa ngati inu ndi ine, sindikumbukira wophunzira amene anamaliza chilimwe chake choyamba manja ali osalala. Matuza a pakati pa chala chachikulu ndi cholozera ndi ofala kwambiri, moti ndikapatsana moni wa padzanja ndi munthu m'mwezi wa Ogasiti ndimatha kuzindikira kuti wayamba rulleski chaka chomwecho. Vutoli limatha, ndipo kawirikawiri limatha popanda kutaya ndalama zambiri. Dzanzi la kachala lija ndi lofunika kulisamala mwapadera, ndipo ndibwererako. Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musapite kusitolo musanayang'ane lamba wa ndodo zanuzo, uja mumalowetsamo dzanja, chifukwa mmene mwafotokozeramu ndikuona kuti gwero la mavuto onse awiriwa lingakhale pamenepo.

Tiyambe ndi mmene thuza limabwerera. Inu a ku Dedza mukudziwa chimene chimachitika munthu akagwira khasu tsiku loyamba la kukwezera mizere atakhala miyezi ingapo osalima: mpini ndi womwe uja wa chaka chatha, koma pofika masana manja atupa madzi. Khungu lili ndi timagawo tosanjikizana. Chinthu chikamakoka khungu lapamwamba kupita uku pamene fupa la pansi pake likupita uko, timagawo ta m'kati timang'ambika n'kusiyana, ndipo mpata umenewo ndi umene umadzaza madzi. Kukokako kumakula khungu likanyowa pang'ono ndi thukuta, chifukwa khungu lachinyezi limakakamira pa chinthu kuposa louma. Tsono ganizirani kuti pa staking, kuja mumakankha ndi ndodo zonse ziwiri pamodzi, mukamabaya pansi ka 40 pa mphindi ndiye kuti pa ola mwabaya ka 2,400, ndipo ulendo uliwonse malo omwewo a khungu akukokedwa. Pa chipale chofewa nsonga ya ndodo imalowa pansi mofewa, pamene pa phula imagunda pouma ndipo kugundako kumakwera ndi ndodo mpaka m'dzanja ndi m'chigongono. N'chifukwa chake ngakhale anthu amene anakulira pa ski amatuluka matuza mu Meyi akangoyambiranso matayala.

Pamenepa ntchito ya golovesi yaoneka. Liyenera kumamatira ku dzanja ngati khungu lachiwiri, kuti kukhulana konse kuzichitika pakati pa golovesi ndi lamba kapena chogwirira, khungu lanu lili phee m'kati. Golovesi likakhala lokhwepa, dzanja limaseretseka m'kati mwake, ndipo nsaluyo ndi imene imasanduka chokukhulani. Likakhala lokhuthala, limapindika pansi pa lamba n'kupanga kamzere kolimba kamene kamadya khungu. Ntchito yake yachiwiri ndi kukutetezani mukagwa, pakuti ski za matayala zambiri zilibe mabuleki, ndipo munthu akamagwa manja ndi amene amayamba kufika pansi.

Tsopano za lamba. Anthu ambiri ogula ndodo zogwiritsidwapo kale ntchito sadziwa kuti malamba a masiku ano, aja okulunga dzanja n'kumata ndi Velcro (kansalu kokakamira kaja komangira nsapato zopanda zingwe), ali ndi masaizi ngati nsapato, komanso kuti pali wa dzanja lamanja ndi wa lamanzere. Ngati mwini wake wakale anali bambo wa manja akuluakulu, lambayo angakhale wa saizi L pamene inu mukufunika S kapena M. Lamba wamkulu amasiya mpata pakati pa dzanja ndi chogwirira, ndodo imagwedera, ndipo inu mosazindikira mumaifinya ndi zala kuti isathawe. Kapenanso, poona kuti wakhwepa, mumamukoka mpaka kumapeto kwa Velcro, ndiye m'mphepete mwake mumadinda pamalo olakwika, kumunsi kwa chikhatho mbali ya kachala kakumapeto. Yesani izi kunyumba. Lowetsani dzanja, mangani lamba bwinobwino, tambasulirani mkono kumbuyo ngati mwamaliza kukankha, kenako tambasulani zala zonse. Ndodo iyenera kukhalabe pamphanda ya chala chachikulu ndi cholozera, yosalendewera patali, ndipo mukabweza mkono kutsogolo chogwirira chiyenera kugwera chokha m'chikhatho. Ngati ikulendewera, yambani mwafupikitsa lambayo pamene walowera m'mutu wa chogwirira, pamakhala kampheko kapulasitiki kamene kamazuka. Zikakanika, gulani malamba atsopano a saizi yanu. Amagulitsidwa paokha, koma mupite ndi ndodo kusitolo chifukwa makampani monga Swix, Exel, One Way ndi KV+ sapanga malowedwe ofanana.

Chogwirizana ndi zimenezi ndi kagwiridwe. Mphamvu yokankhira imayenera kudutsa mu lamba, dzanja likutsamira pa iye, zala zikungowongolera ndodo. Wophunzira watsopano amachita mantha, ndipo m'pomveka, popeza waima pa timatayala pa msewu wouma. Manthawo amathera m'zala, amagwira ndodo ngati munsi wosinjira. Ndikamaphunzitsa ndimawauza kuti apeze malo athyathyathya opanda magalimoto, akankhe kwa mphindi zisanu atagwira ndodo ndi chala chachikulu ndi cholozera zokha, zala zitatu zinazo zili zomasuka. Poyamba amaona ngati ndodo iwapulumuka, kenako amazindikira kuti lamba waigwira kale. Ku Granåsen kwanuko kuli njira ya phula yopangidwira ski za matayala, ndipo pabwalo pake pali malo abwino ochitira zimenezi. Zitunda zake zotsetsereka muzisiye kaye mpaka mutadziwa kuima.

Magolovesi a panjinga aja avuleni. Sikuti ndi oipa, koma anapangidwira munthu amene watsamira chikhatho pa handulo yosasuntha, ndipo zofewa zimene anaika m'katimo zili pamalo oyenera handulo. Pa ndodo ya ski zofewazo zimanenepetsa chogwirira, dzanja silitseka bwino, ndipo mumawonjezera kufinya. Lamba akadutsa pamwamba pake amazikankhira m'mnofu wa kumunsi kwa chikhatho, pamene pamadutsa mtsempha wopita ku kachala kakumapeto ndi theka la chala choyandikana nacho. Komanso mkombero wa pamene anadulira chala chachikulu umathera ndendende pamalo pamene lamba amakhula. Ndaonapo ophunzira ambiri amene thuza lawo linali kamzere kotsata mkombero umenewo, ngati wachita kujambula.

Golovesi loyenera ndi lopyapyala, lopanda chofunditsira m'kati, lopanda zofewa pachikhatho. Mukaligwira m'sitolo muone ngati mungathe kutola ndalama yachitsulo patebulo mutalivala. Kumbuyo kwake kukhale nsalu yotanuka yopita mphepo, ina imakhala yoboolaboola ngati neti, kuti thukuta liziuma. Kenako litembenuzeni, kunja kukhale m'kati, ndipo musachite manyazi pochita zimenezi pamaso pa wogulitsa. Yang'anani misoko ya pamphanda ya chala chachikulu ndi cholozera. Golovesi labwino la ski limakhala ndi kachigamba kamodzi kopyapyala kokuta mphanda yonseyo, misoko yake ili patali ndi pamene lamba amadutsa. Ngati msoko wadutsa pakati penipeni pa mphandayo, kapena ngati misoko itatu yakumana pamenepo n'kupanga kanthu kolimba ngati njere ya mapira, libwezeni pa shelefu ngakhale litakhala la dzina lotchuka bwanji. Kanthu kameneko simungakamve pa mphindi ziwiri za m'sitolo, koma pa makilomita 15 mudzakamva.

Yang'ananinso pothera pake, pamene timavala wotchi. Magolovesi ena ali ndi chomatira chachikulu cha Velcro pamenepo, ndipo chikakumana ndi chomatira cha lamba wa ndodo zimasanjikizana n'kukudindani. Ine ndimakonda aja a mkombero wotanuka wopanda chomatira, kapena a chomatira chaching'ono chimene chili kumtunda, kopitirira pamene lamba amathera. Ngati mumavala wotchi yowerengera kugunda kwa mtima, ikwezeni pang'ono kuti isakhale pansi pa zonsezi.

Pa nkhani ya chimene apangira chikhatho pali njira ziwiri, ndipo ndinena maganizo anga mosabisa. Chikopa chenicheni, kawirikawiri cha mbuzi kapena cha nkhosa, chimafewa n'kutengera maonekedwe a dzanja lanu, ndipo pa chipale chofewa ndimachikonda kwambiri. Koma m'chilimwe thukuta ndi lambiri, mchere wake umalowa m'chikopa, ndipo chikauma chimakhala gwa ngati chikopa cha ng'oma. Golovesi louma chonchi limakhula kuposa kusavala kanthu, ndipo chikopa sichifuna kuchapidwa kawirikawiri. Chikopa chochita kupanga, monga chija chotchedwa Clarino, chimachapika, chimauma msanga ndipo chimakhalabe chofewa. Kwa munthu wophunzira katatu kapena kanayi pa sabata m'miyezi yotentha, ine ndimasankha chochita kupangachi. Chimatha msanga pang'ono, n'zoona, koma golovesi la rulleski ndi chinthu chokutha ngati sokosi, ndipo likakwanitsa chilimwe chimodzi kapena ziwiri lagwira ntchito yake. Ena amaika timadontho ta labala pachikhatho kuti lisaterere. Pang'ono palibe vuto, makamaka ngati chogwirira chanu ndi chapulasitiki, koma pa chogwirira cha cork (khungwa la mtengo lopepuka lija amatsekera mabotolo a vinyo) sitifunikira, ndipo tikachuluka timalepheretsa ndodo kutuluka bwino m'dzanja pomaliza kukankha.

Mwina kusitoloko mwaona kuti ena a rulleski ndi odula zala, ena ndi a zala zonse, ndipo ena anaphimba chala chachikulu ndi cholozera n'kudula zitatu zinazo. Odula zala amazizira bwino m'manja tsiku lotentha, ndipo akatswiri ambiri amavala amenewo kapena savala n'komwe, chifukwa khungu lawo linakhwima ndipo sagwa kawirikawiri. Kwa inu ndikulangiza a zala zonse. Ndikunena izi chifukwa cha zimene zinandichitikira chaka changa chachitatu pa masewerawa. Linali tsiku lotentha la mu Julayi, ndinavula magolovesi n'kuwapisa m'thumba poganiza kuti njirayo ndikuidziwa bwino. Potsika kamtunda kakang'ono tayala lakutsogolo linapunthwa pa kamwala kosaposa njere ya chimanga, ski inaima pomwepo, ine n'kupitirira. Khungu la zikhatho zonse ziwiri ndi la mfundo za zala linasupuka, timiyala tinalowa m'kati moti anachita kukandichotsa kuchipatala, ndipo kwa milungu iwiri sindinkatha kugwira ndodo, ngakhale kutsuka mbale. Golovesi lopyapyala silingateteze fupa, koma likanang'ambika ilo m'malo mwa khungu langa. Kuyambira tsiku limenelo wophunzira wanga sakwera ski za matayala wopanda chisoti ndi magolovesi, kutenthe bwanji. Ku Trondheim masiku otentha kwenikweni si ambiri, choncho a zala zonse okhala ndi nsalu yopita mphepo kumbuyo sangakuvuteni.

Saizi muipeze motere. Tengani tepi ya telala, muyeze kuzungulira chikhatho pa mfundo za zala, chala chachikulu chili kunja. Manambala a magolovesi ku Ulaya amatsata muyeso umenewu m'mainchesi, moti masentimita 18 ndi pafupifupi saizi 7, masentimita 20 ndi saizi 8, ndipo masentimita 23 ndi saizi 9. Nambalayo ingokuthandizani poyambira, chifukwa makampani sasoka mofanana; saizi 7 ya Hestra ingasiyane ndi ya Lill-Sport, ya Rex kapena ya Swix, makamaka kutalika kwa zala. Mukavala, nsonga za zala zifike kumapeto popanda kansalu kotsala, ndipo mukafumbata dzanja pachikhatho pasapindike. Ngati muli pakati pa masaizi awiri, tengani locheperako, chifukwa limatanuka mukalivala masiku angapo, bola lisakhale lothina mpaka zala kuzizira kapena kusintha mtundu. Yezani dzanja limene mumagwiritsa ntchito kwambiri, pakuti nthawi zambiri limakhala lokulirapo.

Chofunika kuposa tepi ndi ichi: nyamulani ndodo yanu imodzi popita kukagula. Valani golovesi, lowetsani dzanja mu lamba, mangani, tsamirani ndodoyo pansi mwamphamvu maulendo 20 kapena 30 (funsani kaye pamene mungabaye, nsonga yake isawononge pansi pa sitolo ya eni ake). Mverani pamene pakudinda. Ogulitsa m'masitolo a zamasewera kuno anazolowera zimenezi ndipo sadabwa. N'chifukwa chake sindilimbikitsa kugula golovesi loyamba pa intaneti. Mukadziwa mtundu ndi saizi zimene zakuyanjani, lachiwiri ndi lachitatu mungathe kuitanitsa. Ndipo ndithudi mugule mapeya awiri ngati thumba likulola, kuti ina ikamauma muzivala inayo. Kuvala golovesi lonyowa ndi thukuta la dzulo ndi njira yachidule yobweretsera matuza.

Mungaonenso magolovesi a Leki okhala ndi kachingwe kozungulira pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Amenewo amakodwa mwachindunji pa chogwirira cha ndodo za Leki zomwezo, golovesi n'kukhala lamba nthawi imodzi. Ndi nzeru yabwino, koma ngati ndodo zanu si za mtundu umenewo kachingweko kalibe ntchito.

Pali chinthu china chimene anthu sachigwirizanitsa ndi manja, chomwe ndi nsonga za ndodo. Nsonga za pa phula zimapangidwa ndi chitsulo cholimba kwambiri cha carbide, koma phula limazibunthitsabe. Nsonga yobuntha imaterereka, makamaka phula likazizira ndi kuuma m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, ndipo ndodo ikaterereka kawiri katatu dzanja limayamba kufinya ndi kumenya pansi mwamphamvu kuti igwire. Popeza ndodo zanu munagula kwa munthu, n'kutheka kuti sizinanoledwe kwa nthawi yaitali. Tupa wamba sangathe chitsulo chimenechi. Pamafunika kanolero ka dayamondi, kamene kamapezeka m'masitolo omwewo. Kunola pang'ono pakatha maulendo awiri kapena atatu kumakwanira. Onetsetsaninso kuti zilidi nsonga za pa phula, chifukwa zija za pa chipale chofewa zokhala ndi kambale kapulasitiki sizichedwa kuthyoka pa msewu.

Za kuzizira mwafunsa pa nthawi yake. Kwanuko pofika Okutobala m'mawa kumatha kuzizira mpaka kuyandikira madigiri 0, ndipo potsika chitunda mphepo imadutsa m'nsalu ya neti ija ngati mulibe kanthu. Ine ndimavala opyapyala aja mpaka kutentha kutatsika kufika pa madigiri 8 kapena 10. Kuchokera pamenepo mpaka pa 0 ndimasinthira ku golovesi lopyapyala la mpikisano wa pa chipale chofewa, lokhala ndi nsalu yotchinga mphepo kumbuyo koma chikhatho chake chili chopyapyalabe. Limeneli mudzaligwiritsanso ntchito m'nyengo yozizira masiku ofunda, choncho si ndalama yotayika. Musavale magolovesi okhuthala a ski yotsetsereka m'mapiri, kapena kuvala awiri mophatikiza pansi pa lamba yemweyo osamumasula, chifukwa kuthinako kumachepetsa magazi opita ku zala ndipo manja amazizira kuposa kale. Mukasintha golovesi, sinthaninso kamangidwe ka lamba. Tsiku la mvula yozizira ikani peya youma m'kathumba kapulasitiki m'lamba wanu wa botolo la madzi, musinthe pakati pa ulendo. Ndipo kumbukirani kuti manja amazizira msanga thupi lonse likazizira, moti nthawi zina mankhwala a zala zozizira ndi kuvala vesiti yotchinga mphepo pachifuwa. Za Birkebeinerrennet yeniyeniyo, makilomita 54 kuchokera ku Rena kudutsa m'mapiri mpaka ku Lillehammer mutabereka chikwama cha makilogalamu 3.5, mudzafunika magolovesi ofunda kuposa awa ndi ena apadera m'chikwamamo, koma imeneyo tidzakambirana chipale chikagwa.

Kuchapa n'kosavuta. A chikopa chochita kupanga achapeni m'madzi ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 30, Velcro mutaimata kuti isakoke nsalu, ndipo musathire mankhwala ofewetsa zovala. Ayanikeni pamalo opita mphepo, kutali ndi chotenthetsera nyumba, chifukwa kutentha kumawaumitsa ndi kuwafupikitsa.

Nanga matuza amene muli nawo kalewo? Laling'ono losaphulika lisiyeni, khungu la pamwambalo ndi chivundikiro chabwino kuposa pulasitala aliyense. Likaphulika lokha, tsukani ndi madzi ndi sopo, musasende khungu lotsalalo, ndipo matanipo pulasitala wa matuza, uja wokhala ngati khungu monga Compeed, amene amapezeka ku apotek (sitolo ya mankhwala) iliyonse. Pamphanda ya chala pulasitala amakonda kumatuka, choncho mukulungeni ndi tepi ya zamasewera musanavale golovesi, khungu lili louma. Tepi yomweyo mungaimate pamalo amene mukudziwa kuti pamavuta musananyamuke, ndipo mukamva pena pakutentha muli m'njira imani nthawi yomweyo mumate, musadikire kufika kunyumba. Kwa masiku angapo chepetsani staking. Thamangani, yendani m'mapiri, kapena yendani pa ski popanda ndodo pamalo athyathyathya, zimene zimathandizanso kwambiri kuphunzira kuima pa mwendo umodzi. Khungu limakhwima pang'onopang'ono pa milungu ingapo mukamaonjezera nthawi mwadongosolo. Likakhuthala kwambiri muzilipala pang'ono mukatha kusamba ndi kudzola mafuta usiku, chifukwa pansi pa khungu lokhuthala louma pamatha kutuluka thuza lakuya lopweteka kwambiri.

Pitani kwa dokotala wanu, fastlege, ngati thuza layamba kutuluka mafinya, pozungulira pake patupa ndi kutentha ndipo ululu ukukula m'malo mochepa. Pa khungu lakuda ngati lathu kufiira sikuoneka msanga, choncho musadikire kuona kufiira. Dalirani kutentha, kutupa, ululu ndi kuderako kwa malowo. Ngati kutupa kukukwera ndi mkono, mwatuluka mwanabere m'khwapa kapena mwayamba kutentha thupi, imbani ku legevakt, chipatala cha matenda adzidzidzi, pa 116 117 tsiku lomwelo. Ngati muli ndi matenda a shuga, chilonda chilichonse cha m'manja chimene chikuchedwa kupola chionedwe msanga.

Tsopano dzanzi lija. Mtsempha umene ndautchula uja ungathe kupanikizika malo awiri: kumunsi kwa chikhatho, pamene lamba ndi zofewa za golovesi la panjinga zikudinda, kapena kuseri kwa chigongono, pamene umakokedwa mkono ukamapindika ndi kuwongoka kambirimbiri. Ngati dzanzilo limatha pakapita mphindi zochepa mutavula lamba, mwachidziwikire ndi kudindako, ndipo mukakonza lamba, kusiya magolovesi a panjinga ndi kumasula kagwiridwe liyenera kusiya pa milungu iwiri kapena itatu. Koma ngati likupitirira ngakhale mwasintha zonsezi, ngati likukhalapo mpaka tsiku lotsatira, likukudzutsani usiku, kapena mwayamba kuona kuti zala zafooka, mukuvutika kutsegula botolo, kupotokola kiyi kapena kutambasula zala, siyani kaye ndodo mukaonane ndi dokotala kapena fysioterapeut (katswiri wa mafizo). Mtsempha ukapanikizika kwa nthawi yaitali umachedwa kuchira, ndipo si chinthu chopirira kuti mpikisano usakupiteni. Dzanzi la chala chachikulu, cholozera ndi chapakati limaloza mtsempha wina, wodutsa pakati polumikizira dzanja ndi mkono, ndipo nalonso lifunika kulionetsa likakhalitsa. Zala zikamayera kapena kutuwa, kufa dzanzi ndi kupweteka kwambiri pofunda ngakhale kunja kusanazizire kwenikweni, muuzeni dokotala, chifukwa pali vuto la timitsempha ta magazi lotchedwa Raynaud limene limafuna kusamala kwina posankha zovala m'manja.

Ndionjezere za kugwa, popeza aliyense wophunzira amagwa. Mukagwera pa chikhatho ndipo pakatha tsiku pakupwetekabe patsinde pa chala chachikulu, pa kadzenje kaja kamaoneka mukatukula chalacho, musangoti ndabinya. Pamenepo pali kafupa kakang'ono kamene kamathyoka mosaonekera, nthawi zina sikaoneka ngakhale pa X-ray yoyamba, ndipo kakapanda kusamalidwa kamavuta kulumikizana. Chimodzimodzi ngati ndodo inakokera chala chachikulu kunja pogwa ndipo tsopano chatupa, chikugwedera kapena simungathe kutsina nacho chinthu: pitani ku legevakt, chifukwa mtsempha wogwira mfundo imeneyo ukaduka umafuna chithandizo m'masiku oyambirira. Chilonda cha pa phula chitsukeni bwino ndi madzi ambiri mpaka timiyala tonse titachoka, ndipo funsani ngati katemera wanu wa kafumbata akadali ndi mphamvu. Kuno amalangiza akuluakulu kubwereza pakatha zaka 10.

Kwa sabata ino, achemwali, yesani lamba uja madzulo ano, nolani nsonga, ndipo lolani matuza apole musanabwerere ku staking. Loweruka mupite kusitolo ndi ndodo m'manja, mukasankhe golovesi lopyapyala la zala zonse, la chikopa chochita kupanga, lopanda msoko pamphanda ya chala. Ulendo woyamba mutalivala usapitirire mphindi 40, ndipo pobwera muyang'ane m'manja kuti muone pamene padinda. Mundilemberenso pakatha milungu itatu, mundiuze saizi ya lamba amene munapeza pa ndodozo komanso ngati kachala kaja kasiya kuchita dzanzi.